Matayala a Nkhono

Alamu anga anakana matayala kwa miyezi isanu ndi iwiri. Ine ntchito yanga ndi ya matayala, kugulitsa, kumata, kupopa, ndipo ndakalambira momwemo. Makasitomala ovuta ndawaona a mitundu yonse, odziwa zonse, osadziwa kanthu koma pakamwa pali changu, ena obwera ndi mnzawo woti aziwagwedezera mutu. Koma munthu amene anandifikitsa pofuna kumugenda ndi sipanala ndi mmodzi yekha, mwamuna wa achemwali anga, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinawakhululukira.

Kumsewu ankadziwika ndi dzina loti a Gogoda. Anayendetsa mathiraki a maulendo ataliatali zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo paliponse pamene aima, asanamwe madzi, asanapereke moni, ankatsika ndi kahamala kawo n'kuzungulira galimoto yonse, tayala lililonse go, go, khutu lili tcheru. Ankati tayala lokhuta mpweya limayankha momveka, lanjala limangong'ung'udza. Anzawo ankawaseka kuti tsiku lina adzagogoda ndi tayala la wilibala lomwe, koma sekani sekani, m'zaka zonsezo tayala silinawaphulikirepo ali pa liwiro. Chiphunzitso chawo chinali chimodzi, ndipo ndinachimva mpaka makutu kuwawa: mpweya ukalowa m'tayala usatulukemo, dalaivala wophwetsa tayala dala ndi wamisala. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosamwa, wosasuta, wamakani ngati nati yadzimbiri.

Achemwali anga anali telala. Ndi iwo amene anandilera mayi athu atatisiya, ndiye ngakhale imvi zitandimera ankandiitanabe kuti iwe, ndipo ine ndinkayankha ngati mwana. Makina awo osokera anawaika pawindo loyang'ana kugeti. Ankati n'chifukwa cha kuwala, koma windo la kuseri linkawala kuposa pamenepo, tonse tinkadziwa. Amuna awo ankachoka milungu itatu n'kudzakhala masiku atatu, theka la masikuwo ali mtulo. Mwana wawo mmodzi yekhayo anakula akuwadziwa bambo ake ngati mlendo wobwera ndi masiwiti, anakwatiwa kutali, ndipo masiku ano amangoimba foni. Achemwali sankadandaula. Ukawafunsa kuti alamu abwera liti, ankangoti abwera, phazi likupalasa makina.

Ndisawaipitse alamu angawo, munthu woipa sanali. Madalaivala anzawo anali ndi makomo m'matauni onse a m'njira, koma awa khomo lawo linali limodzi. Akafika kunyumba, asanasambe, fumbi lili m'tsitsi, ankayamba atsegula makina a akazi awo n'kuthira mafuta m'timabowo tonse, n'kumangitsa lamba ngati wakhwefuka. Mawu okoma analibe, chikondi chawo chinali cha sikuludiraiva. Ndi iwonso amene anandilowetsa ntchito ya matayala nditalephera sukulu, ndiye ndikamawanena chonchi muzidziwa kuti ndikunena munthu amene ndinadyera m'manja mwake.

Chaka chachiwiri cha ukwati wawo, ulendo wina unawadutsitsa alamu m'mphepete mwa chipululu, kumene mchenga unaunjikana milu yaitali kuposa nyumba zosanjikizana. Anaimika thiraki, anagogoda matayala awo, kenako anatapa mchenga wofiirira m'botolo n'kubwera nawo kunyumba. Amuna ena amabweretsa nsalu, awa anabweretsa dothi, ine ndinawaseka mpaka misozi. Koma achemwali sanaseke. Anathira pang'ono m'dzanja n'kufunsa ngati munthu angathe kukwera pamwamba pa muluwo. Alamu anati angathe, ndipo potsika munthu amangopezeka akuthamanga asakufuna. Achemwali anati iwo akufuna akakwere okha, nsapato atavula, akatsike chothamanga ngati kamtsikana. Alamu analonjeza kuti adzapita nawo akangopeza mpata. Mchengawo achemwali anausokera m'kapilo kobayapo masingano ndi mapini, poti mchenga umanola singano ndipo sizichita dzimbiri. Kapiloko kanakhala pamakina zaka zoposa makumi atatu, nsalu yake ikatha ankangosokera ina pamwamba.

Mpata unapezeka atapuma pantchito. Anagula chilole chakale cha kampani yokumba zitsime, chija chokoka ndi matayala onse anayi, chachitali moti kukwera kwake n'kwa makwerero, n'kuyamba kumangapo nyumba kumbuyo. Zaka zitatu akukhoma, akuwotcherera, akumasula zomwe akhoma dzulo. Munalowa bedi la anthu awiri, kasinki, sitovu ya gasi, kachimbudzi, kabati yokhala ndi tizingwe togwira makapu kuti asagwe, ndi thanki ya madzi yoti mungasambe mwezi wathunthu. Achemwali anasoka makatani a maluwa achikasu. Ndi iwonso anaipatsa dzina galimotoyo, Nkhono, ati chifukwa yasenza nyumba yake koma sikuoneka kuti ikupita kulikonse. Alamu nawo anayamba kuwaitana akazi awo kuti a Kondakitala, ndipo Lamlungu masana awiriwo ankakwera m'Nkhono ili chiimire pabwalo, n'kumamwa tiyi m'menemo ngati ali paulendo.

Chomwe chinatsala chinali matayala. Akale aja mano anali nawobe, koma nthiti zake, ndikunena m'mbali mwa tayala, zinali ming'alu yokhayokha ngati chidendene cha m'chilimwe. Nditawerenga timanambala tinayi timene timanena mlungu ndi chaka chimene tayala linapangidwa, ndinapeza kuti ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ndinawauza alamu kuti awa asapite nawo kutali, ndipo anavomera. Ndi chinthu chokhacho chimene tinagwirizana chaka chimenecho.

Ndinawafotokozera monga ndimafotokozera aliyense. Mchenga si matope. M'matope umafuna tayala la mano akuluakulu loti lilume pansi, koma mumchenga tayala loluma limakumba, ndipo galimoto yolemera ngati Nkhono ikayamba kukumba imadzikumbira dzenje mpaka kukhala pansi ndi mimba. Pamchenga pamafunika tayala lotambalala, la mano afupiafupi oyandikana, la mapewa ozungulira, la nthiti zazitali zotha kupindika osang'ambika, ndipo nambala yake ya katundu ikhale yoti lisenze kulemera kwa galimotoyo ngakhale mpweya utachepa. Chifukwa chinsinsi chonse n'chimenecho, ukafika pamchenga umaphwetsa. Geji yoyezera mpweya imene pa tala imaloza pa sikisi umaitsitsa mpaka pa thuu, tayala limagona pansi n'kutalika ngati phazi, galimoto n'kumayandama pamwamba.

Alamu anandiyang'ana ngati ndawatukwanira mayi awo. Anati iwo sanaphwetsepo tayala chibadwire ndipo sayambira paukalamba, ndiwapezere tayala loyenda pamchenga lili lokhuta. Ndinati tayala limenelo sanalipange, akalipeza andiitane ndikaligwadire. Tinasiyana choncho, aliyense akupukusa mutu. Apo n'kuti tikukangana mokoma, mwachilamu, sindinkadziwa kuti nkhaniyi ifika pati.

Mwezi womwewo achemwali anayamba kutopa msanga. Phazi linkaima pamakina iwo ali chikhalire, maso ali kugeti. Kuchipatala anapeza chotupa m'mimba, anachita opaleshoni, n'kuyamba kuwapatsa mankhwala aja othothola tsitsi. Atapezako bwino pang'ono, dokotala wawo, mayi wosazungulira polankhula, anatiimitsa ine ndi alamu m'kanjira ka m'chipatala n'kutiuza kuti matendawo afalikira, ndipo ngati pali kumene odwalawo akufuna kupita, apite tsopano miyendo ikadali kuwanyamula. Ine ndinatuluka pamenepo n'kukaimbira foni onse ondigulitsa matayala. Pasanathe mlungu matayala asanu, anayi ndi lapadera, anali atafika pashopu.

Alamu anabwera, anawazungulira, anagogoda limodzi ngakhale linalibe mpweya, n'kunena kuti mano ake ndi aafupi kwambiri, nanga mvula ikawapeza panjira? Ndinabweza, ndinaitanitsa ena a mano okulirapo. Amenewo anati adzakumba mumchenga, si ndinanena ndekha? Achitatu anali abwino mbali zonse, koma anapeza kuti limodzi linapangidwa chaka chosiyana ndi anzake, ati matayala a galimoto imodzi akhale obadwa limodzi. Achinayi anali ofuna chubu, ndipo munthu yemwe uja wokana kuphwetsa anandiphunzitsa ine, mwini ntchito, kuti tayala la chubu ukaliphwetsa limatha kuzungulira pa limu, chitsulo chimene limavalapo, n'kudula valavu. Zinali zoona, n'chifukwa chake zinandipweteka. Nditapeza opanda chubu anati malimu a Nkhono ndi akale, mpweya uzidzathawira m'mphepete, tiyambe tafuna malimu ena. Malimuwo anatidyera miyezi iwiri. Ndikawakumbutsa mawu a dokotala ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, ine n'kuwayankha kuti ndionetsetse anathetsa nkhosa, ndipo tinkasiyana osatsanzikana. Ogulitsa aja anasiya kuyankha foni yanga. Mkazi wanga anati ndayamba kulankhula ndekha posamba.

Nambala ya katundu ndiyo inatipititsa kusikelo. Kuti udziwe tayala loyenera uyenera kudziwa kulemera kwenikweni kwa galimoto, itadzaza madzi, mafuta ndi gasi, eni ake ali m'kati. M'mwezi woyamba wa kukana matayala kuja tinapita kusikelo ya pakampani yophwanya miyala, pang'onopang'ono pa matayala ong'aluka omwewo poti ndi pafupi, achemwali atakhala pampando wawo wa kutsogolo, atamanga duku chifukwa cha tsitsi lija. Mwezi wachisanu ndi chiwiri alamu anati tibwerereko, akukayika ngati anayeza bwino. Ndinatsatira ndikutukwana chamumtima. Sikelo ya magalimoto siona makilo awiri kapena asanu, imalumpha makumi awiri makumi awiri. Kalaliki anayang'ana pepala lakale lija, anayang'ana makina ake, n'kunena kuti galimoto yapepuka ndi makilo makumi awiri, mwina tatsitsamo kanthu. Alamu anakwera kukasuzumira m'thanki, anagwedeza botolo la gasi, anatsegula kabati n'kuyang'ana mapoto. Zonse zinalimo. Ine sindinafufuze kalikonse, ndinangokweza maso kuwindo la kutsogolo, kumene achemwali anatsamira galasi atatsinzina, dzanja lili pa lamba wa mpando, lopyapyala moti wotchi inali itatsetserekera kuchigongono. Ndinapita kuseri kwa mulu wa miyala ndipo ndinalira ngati si bambo wa ana anayi.

M'mawa mwake alamu anafika pashopu ndi nkhani yatsopano, ati amva kuti kuchokera kunja kukubwera mtundu wina wa matayala, tidikire miyezi iwiri. Ndinawakokera kuchipinda chosungira katundu, pakati pa milu ya matayala, n'kutseka chitseko. Zimene ndinanena sindingazibwereze zonse. Ndinawauza kuti achemwali anga anawadyera utsikana wawo pawindo, tsopano akufuna kuwadyeranso masiku otsala ndi kahamala kawoko. Ndinati ngati akuopa kuyendetsa pamchenga anene, ndiyendetsa ine. Ndinawatchula wamantha, wouma mtima, ndi mawu ena oti munthu sauza mlamu wake. Iwo anangokhala pa tayala, chipewa chili m'manja, mpaka ine mpweya utandithera.

"Alamu," anatero, "matayala oyamba aja anali abwino. Ndinadziwa tsiku lomwelo."

Anatembenuza chipewa chija n'kupitiriza.

"Achemwali anu atatuluka m'chipatala anandiuza kuti, bambo, mukangondifikitsa kumchenga kuja, basi, sindidzadikiranso kanthu. Mwamva? Achemwali anu ntchito imene amaidziwa ndi kudikira. Zaka zonsezi sindinabwerepo n'kupeza palibe. Malinga ngati akudikira, alipo. Ndikamanga matayala amenewa, ndiye kuti ndawauza kuti aweruke."

Ndinafuna kunena kuti zimenezo n'zopusa, matenda sayang'ana matayala. Koma ndinaona nkhope yawo, ndipo ndinazindikira kuti alibe china chogwira. Mkwiyo wanga sunathe, unangosowa pokhala. Kunja kasitomala ankaliza hutala.

Masana ake ndinapita kwa achemwali ndisanaganize bwino chokanena. Ndinawapeza pampando wa pawindo, makina ataphimbidwa ndi nsalu, kapilo ka mchenga kali pamiyendo. Sindinafunike kuyamba. Anati iwo anadziwa kalekale, pa matayala achiwiri, chifukwa amuna awo akafuna kunama amayamba atulutsa magalasi awo a maso n'kuwapukuta. Anati anangokhala chete kuti awapatse nthawi yozolowera. Kenako anandiyang'ana monga ankandiyang'anira ndili mwana ndikathawa kusamba.

"Koma iwe, ndatopa. Anthu amaona ngati kudikira n'kungokhala. Kumapweteka pano," anagwira pachifuwa, "ndipo ine mphamvu zake zandithera. Mawa udzanditenge, ndikasankhe ndekha."

Ndinakawatenga pa galimoto yanga. Analowa m'shopu atandigwira mkono, alamu akutsatira pambuyo ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Matayala opanda chubu aja anali adakali pakona, malimu ake atsopano pambali. Achemwali sanawerenge nambala iliyonse. Anayendetsa dzanja pa nthiti za tayala monga ankachitira ndi nsalu, anadinikiza ndi chala chachikulu, n'kunena kuti awa, ndi ofewa bwino. Alamu anatulutsa magalasi kuti apukute. Achemwali anawagwira dzanja lomwelo n'kunena motsitsa kuti, bambo, liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, musandisiye ndiyambe ndekha. Magalasi anabwerera m'thumba. Tinamanga matayalawo tsiku lomwelo, alamu akumangitsa okha manati, ndipo sanagogode.

Ndinapita nawo ngati dalaivala wachiwiri. Ulendo wa masiku awiri unatitengera anayi, chifukwa tinkaima pafupipafupi kuti odwala apume kugwedezeka. Tsiku loyamba anakhala kutsogolo, akutifunsa mayina a mitsinje yomwe tikuwoloka ndi kutiseka tikakangana za njira. Kuyambira lachiwiri anagona pabedi kumbuyo, makatani achikasu atatsegula, akuona thambo lokha. Ankamwa masipuni atatu a supu n'kunena kuti akhuta. Nthabwala zokha sizinawathere, anawauza amuna awo kuti kondakitala wawo wagona pantchito, amuchotse alembe wina. Alamu anati ntchitoyo ilibe wina woidziwa. Tikaima, ankatsika n'kuzungulira galimoto mwachizolowezi, dzanja n'kupita kuthumba la kahamala, kenako n'kubwerera lopanda kanthu.

Msewu wa tala unatha, wa miyala nawo unatha, ndipo m'mawa wa tsiku lachinayi tinaima pamene mchenga umayambira. Milu ija inkaoneka patsogolo, makilomita ngati asanu. Ndinatsika ndi geji kuti ndiphwetse. Alamu anati tiyese kaye choncho, injini ya Nkhono ndi yamphamvu. Ndinaluma mano, ndinakwera. Sitinayende ngakhale utali wa bwalo la mpira. Matayala okhuta aja anayamba kukumba, alamu anaponda mafuta, mchenga unawazika m'mwamba, Nkhono n'kukhala pansi ndi mimba. Injini itazima kunangoti zii, dzuwa likukwera.

Ndinali nditatsegula kale pakamwa, ndipo zimene zinkabwera sizinali zabwino. Koma mawu anachokera kumbuyo, aang'ono, oti injini ikanakhala ikulira sitikanawamva.

"Bambo, aphwetseni. Asiyeni apume, agwira mpweya nthawi yaitali."

Alamu anatsika. Ndinawapatsa kachitsulo kotsegulira valavu, koma kanawapulumuka m'manja, kanagwera mumchenga n'kusowa. Achemwali anasolola singano yaikulu pa kapilo kawo n'kundipatsira pawindo. Ndiye a Gogoda, munthu amene sanaphwetsepo tayala chibadwire, anagwada pamchenga n'kudinikiza valavu ndi singano ya akazi awo. Tayala lalikulu choncho limachedwa kuphwa. Mpweya unkangoti fwiii, osatha, iwo chipumi chili pa tayala, mapewa akugwedezeka. Ine ndinatenga fosholo n'kupita kukakumba mbali inayo kuti ndisawaone. Anaphwetsa onse anayi okha, mpaka geji inaloza pa thuu.

Titachotsa mchenga pansi pa mimba, Nkhono inadzuka pa giya yachiwiri popanda kudandaula, n'kuyamba kuyandama monga ndinanenera kalekale muja. Ndinkayesa ndikondwa kuti ndinalondola, koma ayi ndithu. M'kati munalibe kugwedezeka kulikonse. Achemwali anati aka kanali koyamba chichokereni kunyumba kuti msana usawapweteke.

Tinaima patsinde pa mulu waukulu. Tinawatsitsa pamakwerero tili awiri, n'kuwavula nsapato. Anaponda mchenga, anaseka, ati ndi wofunda, n'kutiuza kuti tiwasiye. Anayenda okha mapazi asanu ndi limodzi, ndinawerenga, pa lachisanu ndi chiwiri mawondo anakana. Anayang'ana pamwamba pa muluwo nthawi yaitali. M'mwezi woyamba uja, pamene matayala oyamba anafika, achemwali ankayendabe okha mpaka kumsika n'kubwerako. Akanakwera. Mwina osati chothamanga potsika, koma akanakwera. Ine ndinkadziwa, ndipo sindinatchule.

Alamu anawabereka kumsana. Anakwera nawo akupuma pa mapazi khumi alionse, mpaka chapakati, pomwe nawonso miyendo inakana. Anakhala pansi pamenepo awiriwo. Ine ndinatsalira m'munsi pang'ono, koma mphepo inkandibweretsera mawu. Achemwali anatulutsa kapilo kaja m'thumba la juzi pamodzi ndi kalumo kawo komasulira ulusi. Anazula masingano n'kuwapatsa amuna awo kuti agwire, n'kuyamba kumasula nsalu, imodzi, ina pansi pake, inanso pansi pake, mpaka yoyamba ija imene maluwa ake anali atafafanizika. Anakhuthula mchengawo pansi. Unali wochepa, wosadzaza ndi kapu yomwe, ndipo utangogwa sunadziwikenso kuti ndi uti.

"Ndabweza, bambo," anatero. "Mwandifikitsa. Zikomo."

Alamu anangokhala masingano ali m'manja.

Tinakhala kumeneko masiku awiri. Pobwerera, titafika pamsewu wa miyala, ndinapopa ndine ndi kompuresa ya m'galimoto, alamu ali m'kati ndi akazi awo. Achemwali anamwalira patatha masiku khumi ndi limodzi chifikireni kunyumba, masana, pabedi limene tinawasunthira pafupi ndi windo lija la kugeti. Masiku onsewo anagona choyang'ana m'nyumba, kumene kunakhala amuna awo.

Nkhono ili pabwalo mpaka lero, makatani ali chitsekere. Matayala ake akadali ndi tiubweya tija ta matayala atsopano m'mbali. Tayala loima malo amodzi limawonongeka, ndiye Loweruka lililonse ndimapita ndi geji, ndimayeza, timaisuntha pang'ono kuti isapondere pamodzimodzi. Kahamala kaja sindidziwa kumene kanapita. Alamu achepa thupi, amakhala pa makwerero a galimotoyo n'kumandiyang'ana ndikugwira ntchito, ndipo masingano aja anawabaya mumpendero wa chipewa chawo, ati asatayike.

Loweruka lapitali, ndili chogwada pa tayala lakumbuyo, anandiitana.

"Alamu, ndakhala ndikuganiza. Matayala ankati akubwera kuchokera kunja aja, tikanawadikira. Inali miyezi iwiri yokha. Tinafulumira."

Ine pakamwa panga anthu amapadziwa, sipachedwa. Mawu ndinali nawo, okonzeka kale, a mapazi asanu ndi limodzi aja ndi mulu umene achemwali anga sanaukwere. Ndinawayang'ana, nkhalamba itakhala pamakwerero, maso ali pa ine kudikira kuti ndivomere. Magalasi awo anali m'thumba, sanawatulutse kuti apukute.

Ndinaweramanso n'kuika geji pa valavu. Ndinawauza kuti lakumbuyoli latsika pang'ono, andipatsire paipi ya mpweya.